Kabati ya mbale zoimba

Kwa azakhali anga ku Luchenza kunali kabati imodzi imene ana sitinkaigwira. Inkakhala pakona ya pabalaza, pamwamba pake atayalapo kansalu koluka ndi maluwa apulasitiki, ndipo m'zitseko zake zam'munsi munkakhala mbale za alendo, zadothi zija zotuluka pa Khirisimasi ndi pa chinkhoswe pokha. Ndinakula ndikuidziwa kuti kabati ya mbale, basi. Ndachita kudutsa zaka 40 kuti ndidziwe kuti dzinalo silinkanama, kungoti mbale zake zenizeni zinali zina.

Chaka chatha denga linayamba kudontha pakona pomwepo, ndiye tinati tisunthe katundu malata asanasinthidwe. Pochotsa kansalu kaja ndinaona mahinjesi kumbuyo kwa thabwa lapamwamba. Ndinalikweza. Fungo la mafuta akale ndi ndowe za mphemvu linandilandira, kenako ndinaona chimbale chachitsulo chokutidwa ndi nsalu yobiriwira yodyedwa ndi njenjete, mkono wachitsulo wopindika uli gone pambali pake, ndipo mkati mwa chivundikirocho muli kachithunzi ka galu woyera atapendeketsa mutu, akusuzumira m'lipenga. Pansi pa galuyo panalembedwa kuti His Master's Voice.

"Aa, waipeza? Ndi galamafoni ya agogo ako imeneyo," anatero azakhali ali kukhitchini, ngati akunena za mpando wothyoka mwendo. "Inasiya kulira iwe usanabadwe."

Agogo anali khukhi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mzungu amene ankamuphikira, pobwerera kwawo dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu, anaona kuti chimphona choterechi n'chosayenera kuchilipirira sitima, ndiye anawasiyira. Galamafoni imene anthu ambiri kumudzi ankaidziwa inali ina, ya kasutikesi ija yobwera ndi anthu ochokera ku Joni pa Wenela kapena ku Halale, pamodzi ndi njinga, jasi ndi bokosi lachitsulo. Imeneyo inkayenda, lero paukwati, mawa pamowa. Ya agogoyi inali yosayenda. Poinyamula pamafunika amuna awiri, ndipo opanga ake anaipangira kuti ikhale pabalaza ngati mipando ina yonse.

Msuweni wanga, mwana wa azakhaliwo, atangoona galuyo maso anamutuluka. Ananditengera kuseri n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, musauze munthu. Izi azungu amagula ndalama zoopsa." Mukuzidziwa mphekesera zimenezi, n'zomwezija zimene zinachititsa anthu kusakasaka simbi zamakala za tambala ndi makina akale a Singer. Ndisaname, nanenso mtima unadumpha. Usiku umenewo ndinatha bandulo yonse pa intaneti ndikufufuza, ndipo pofika m'bandakucha mamiliyoni aja anali atasungunuka.

Chifukwa chake chili m'mbiri ya kabatiyo. Thomas Edison anapanga makina ake ojambula ndi kubwereza mawu mu 1877, koma ake ankagwiritsa ntchito kachubu kozungulira. Mbale yaphwatalala inabwera ndi Emile Berliner patapita zaka 10. Makina oyambirirawo anali ndi lipenga lalikulu lotulukira kunja, lija timaliona pazithunzi. Lero timati n'lokongola, koma panthawiyo ambiri ankaliona ngati chisokonezo m'nyumba: lotola fumbi, logundidwa ndi ana, losagwirizana ndi mipando. Mu 1906 kampani ya Victor Talking Machine ya ku Camden, New Jersey, ku America, inapinda lipengalo n'kulibisa m'kabati yamatabwa, niitcha Victrola. Zitseko ziwiri zapamwamba ndiye zinali voliyumu yake: ukatsegula zonse ikufuula, ukatseka ikunong'ona. Zam'munsi zinali zosungiramo mbale. Yoyambayo inkagulitsidwa madola 200, ndalama zimene wantchito wamba ankazigwirira miyezi ingapo. Ku Britain, Gramophone Company, mnzake wa Victor pa malonda amene ankagwiritsa ntchito galu yemweyo, inatsatira njira yomweyo pa fakitale yake ya ku Hayes, kufupi ndi London, ndipo ya agogo inachokera kumeneko.

Galuyo, poti ndamutchula, anali galu weniweni, dzina lake Nipper. Amene anamujambula ndi Francis Barraud, ndipo poyamba anamujambula akumvetsera makina a Edison. Gramophone Company inagula chithunzicho mu 1899 italamula kuti afute makinawo n'kuikapo awo. Malonda ndi malonda.

Vuto la msuweni wanga ndi lakuti makabati amenewa anagulidwa kwambiri. Victor yokha inapanga ma Victrola pafupifupi 7 miliyoni pakati pa 1906 ndi 1929, ndipo mtundu umodzi wokha, VV-XI, unapitirira 800,000. Wailesi itayamba kulowa m'nyumba za anthu, mu 1925 ogulitsa ankachita kutsitsa mitengo ndi theka kuti athane ndi katundu wakale, chaka chomwecho kukubwera makina atsopano otchedwa Orthophonic, oimba mbale zojambulidwa ndi magetsi. Chinthu chopangidwa ndi matabwa olimba m'mamiliyoni sichisowa msanga. Mpaka lero ku America ndi ku Britain makabati wamba akupezeka m'magalaja ndi m'kaunjika wa katundu wakale, ndipo ambiri amagulidwa madola mazana ochepa chabe, ena osafika n'komwe, poti wogula amawerengeranso galimoto yonyamulira ndi malo oikapo kunyumba. Ena anawatumbula, kutaya injini ndi lipenga, n'kuwasandutsa osungiramo mabotolo a mowa. Azakhali ndi mbale zawo zadothi anachita bwino kuposa amenewo, chifukwa sanachotse kanthu.

Zodula zilipo, koma n'zosowa: makina a lipenga lakunja enieni, makabati opangidwa ochepa, a matabwa apadera kapena ozokota ndi manja. Ndikuti enieni chifukwa msika wadzaza ndi zonamizira zambiri zochokera ku India, za lipenga lamkuwa lowala ngati golide ndi galu womata kutsogolo, mkati muli injini yochotsedwa ku galamafoni ya kasutikesi. Mukadzaiona m'shopu ya zokongoletsa nyumba ikunyezimira choncho, gwirani thumba.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi ichi: kwa anthu odziwa zinthuzi, kabati yakuda bii, yokhala ndi zipsera zake koma polishi wake woyamba akadalipo, imaposa mtengo inzake yopalidwa n'kupakidwa vanishi watsopano. Amayang'ana ngati zonse zilipo, chopukusira, mutu wa singano, timahandulo ta zitseko, makiyi, kachithunzi ka m'chivundikiro, ndipo amayang'ana ngati wina sanaikonze mopyola. Ifetu tinazolowera kuti chinthu chokonzedwa chiziwala. Ine ndinawerenga zimenezi Lamlungu usiku, Lolemba n'kubwerera kuntchito ku Blantyre, osauza munthu aliyense. Kulakwa kwanga kunali kumeneko.

Loweruka lotsatira ndinapeza pakona pali mbee. Msuweni anali ataikweza pangolo n'kupita nayo kwa kalipentala wa pamsika kuti akaikongoletse, mtengo ukwere. Ndinathamanga ngati ndaitanidwa kuchipatala. Ndinaipeza ili pansi pa chisakasa pakati pa mabedi ndi zitseko za mlombwa, chitini cha vanishi chili pambali chosatsegula, chitseko chimodzi cham'munsi chili pabenchi. Chinali chitayera mbuu, ndipo chapakati panali chigamba chachikulu ngati chikhatho, cha thabwa lotuwa losiyana ndi linzake.

"Bwana, musadandaule, ikhala ngati yatsopano," anatero mmisiriyo akupukuta fumbi lofiira m'manja. "Koma thabwa lake n'lachinyengo ili. Ndangopala pang'ono, latha. Galu uyunso timuchotsa, wafwifwa."

Sindinamukalipire, ngakhale mawu anali pakhosi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akupala mlombwa ndi mbawa, matabwa oti ukhoza kuwadya ndi randa tsiku lonse mtundu wake osasintha, angadziwe bwanji kuti kabati yooneka yolemera chonchi yangovala khungu? Opanga ake ankatenga thabwa wamba losapindika n'kumatapo kachikopa ka mahogany kopyapyala kuposa kamtengo ka machesi, kamene amati veneer. Sichinali chinyengo. Thabwa lomatidwa motero silikhota msanga, ndiponso mizere yokongola ya mtengo umodzi inkakwanira makabati ambiri. Koma sandipepa wamakina akangodutsapo kawiri, zatha.

Ndinamupempha kuti tiyese kanthu kena. Ndinanyowetsa kathonje ndi spiriti n'kukhudza kuseri kwa mwendo, posaoneka. Patapita kamphindi malowo anayamba kunanda. Umenewo ndiye umboni wakuti polishi wake ndi shelaki. Shelaki ndi utomoni wotuluka m'tizilombo tina tokhala m'mitengo ku India ndi ku Thailand. Amaukolola, kuuyeretsa, n'kuugulitsa ngati timapalepale tosungunuka mu spiriti. Ubwino wake ndi wakuti sufa. Ngakhale patapita zaka 100, wada ndi kung'aluka ngati khungu la ng'ona, spiriti amaufewetsanso, ming'alu n'kutsekeka. Vanishi wa m'chitini uja akauma wauma, ndipo pomuchotsa mpaka kupala.

Mmisiriyo anayang'ana kathonjeko nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye kuti sitipala?" Ndinati ayi, titsuka. Anaseka, koma kuyambira tsiku limenelo ntchitoyo anaitenga ngati yake, ndipo manja amene anachita zonse zimene ndikufotokoza pansipa ndi ake. Ine changa chinali kuwerenga ndi kulongolola.

Tinayamba ndi litsiro. Zambiri zimene tinkaziyesa polishi wakuda zinali utsi, mafuta a m'manja ndi polishi wapansi amene wina anapakapo kalekale. Kansalu kofinya bwino m'madzi asopo, kachigawo kakang'ono, kupukuta pomwepo ndi kouma, chifukwa madzi akakhalitsa pa shelaki amasiya banga loyera ndiponso amamatula kachikopa kaja. Pouma kwambiri, kadontho ka palafini. Tsiku lachitatu mbali imodzi inaonetsa kufiira kwake, mizere ya mtengo ikuyenda ngati madzi a mumtsinje. Pomwe panali ming'alu anadutsitsapo burashi yofewa yonyowa ndi spiriti, kamodzi kokha, osabwereza, n'kusiya kuti paume. Ukabwereza umakokolola zonse. Galuyo sitinamukhudze ndi spiriti ngakhale pang'ono. Tinangomupukuta fumbi, ndipo akadali wofwifwa.

Shelaki watsopano, guluu wachikopa ndi singano zinachita kuchokera ku Johannesburg, mbale wathu wina anatumiza pabasi. Ndinaseka ndekha polandira kaphukusiko ku depoti: mpaka lero za galamafoni zikuchokerabe ku Joni. Guluu wachikopayo mmisiri anamuzindikira ndi fungo, anati amene anamuphunzitsa ntchito ankamuwiritsa m'kachitini koika m'madzi otentha. Ndi yemwe opanga kabatiyo anagwiritsa ntchito, ndipo ali ndi khalidwe ngati la shelaki: ukamufunditsa ndi kumunyowetsa amamasuka, moti wodzakonza m'tsogolo sadzathyola kanthu. Guluu woyera wa masiku ano sachita zimenezo mosavuta.

Pa chitseko chovulala chija anacheka kachidutswa ka mbawa, mtengo wa banja limodzi ndi mahogany, n'kukapala mpaka kuonekera kuwala, kukalowetsa pachigambapo mizere itayang'ana kumodzi. Kenako shelaki wochepetsedwa, pakanjinda ka thonje kokulunga m'nsalu, kuzungulira mopepuka, lero kangapo, mawa kangapo, kwa sabata ziwiri. Chikuoneka bwino, koma ukaima cham'mbali dzuwa likamalowa pawindo, chigambacho umachiona. Miyendo iwiri yakumbuyo inali itadyeka kunsi ndi madzi okolopera ndi chiswe, ndipo anailumikiza ndi timatabwa tatsopano pomwe panaola pokha. M'timabowo ta kufumbwa tinathiramo mankhwala ndi jakisoni, bowo lililonse palokha, ntchito yotopetsa imene sindikufuna kuikumbukira.

Injini inapita kwa madala ena okonza makina osokera. Galamafoni yotere ilibe waya ngakhale umodzi. Mphamvu yake ili mu sipuling'i yachitsulo yaitali mamita angapo, yokulungidwa m'kachitini kozungulira. Ukamapukusa chogwirira chapambali ukuimanga, ndipo ikamamasuka ikuzunguza chimbale. Girizi wa fakitale anali atauma ngati phula lapamsewu, n'chifukwa chake poyesa kupukusa inkangoti gu, gu, n'kuima. Apa ndichenjeze amene angafune kuyesa yekha: sipuling'i imeneyi ikatuluka m'chitini mwake mosayembekezeka imakwapula, ndipo m'mphepete mwake ndi mwakuthwa. Madalawo anavala magolovesi, n'kuitulutsira m'thumba la chimanga, mwana aliyense atamuthamangitsa. Anaitsuka ndi palafini, kuipaka girizi watsopano, n'kuibwezera pang'onopang'ono akutukwana motsitsa.

Chimene anachikonda kwambiri ndi kachipangizo kolamulira liwiro: timiyala tachitsulo titatu tomangidwa pa timasipuling'i, timene tikamazungulira timatambasuka n'kukokera kambale ku kachikopa kochita ngati buleki. "Ana inu," anatero, "wopanga ichi anali ndi mutu." Liwiro loyenera ndi maulendo 78 pa mphindi. Tinamata kapepala m'mphepete mwa chimbale, ine ndikuyang'ana wotchi ya pafoni, iwo akuwerenga, mpaka tinapeza 39 pa theka la mphindi.

Mawu enieni amabadwira pa mutu wa singano, kanthu kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo la jamu, kumapeto kwa mkono uja. Singano ikamayenda mumzere wa mbale imagwedezeka uku ndi uku, kugwedezekako kumakwera ndi kachitsulo kukafika pa kagalasi kopyapyala ka mwala wa mica, kagalasiko kamakankha mpweya, mpweya umadutsa mumkono n'kukakulira m'lipenga lobisika lija. Basi. Kagalasiko kamagwiridwa pakati pa timphira tiwiri, ndipo mphira wa zaka 100 amauma ngati fupa. Akauma mawu amakhala ngati a ntchentche m'chitini, ndiponso singano imalephera kugwedezeka momasuka n'kuyamba kukumba mbale. Madalawo anayang'ana timphirato n'kutuma mwana kwa wokonza njinga kukagula kachubu ka valavu. Kanakwana ngati anachita kuyeza. Pomwe kachitsulo kamakumana ndi kagalasi anadonthezapo phula la njuchi kuti mpweya usathawe. Tinachita mwayi kuti mutu wathu ndi wamkuwa. Ina ya m'zaka zotsatira anaipanga ndi chitsulo chosakaniza chimene chimatupa ndi kung'aluka chokha, ndipo ukachikakamiza ndi sikuludiraiva chimangofumbutuka.

Mbale zake azakhali anazitulutsa m'bokosi lachitsulo la pansi pa bedi, zitakulungidwa m'chitenje: 11, zinayi zosweka. Zambiri zinali za Gallotone, za kampani imene Eric Gallo anayambitsa ku Johannesburg mu 1926, zina za Columbia. Ndinatsala pang'ono kuzipukuta ndi spiriti wotsala uja, koma ndinakumbukira msanga kuti mbale za 78 nazonso n'zopangidwa ndi shelaki wosakaniza ndi ufa wamiyala. Utomoni wa kachilombo komweko uli kunja kwa kabati ndi mkati momwe, ndipo spiriti wochiritsa kabati akhoza kufuta nyimbo. Tinazitsuka ndi madzi ndi kadontho ka sopo, osanyowetsa pepala lapakati.

Zitatu mwa zamoyozo zinali zotuwa m'mizere ngati zathiridwa phulusa. Azakhali anandiuza chifukwa chake osadziwa kuti akundiuza: singano zikatha, agogo ankanola zakale pamwala. Singano yachitsulo inapangidwa kuti iimbe mbali imodzi ya mbale, mphindi zitatu zokha, n'kutayidwa. Ufa wamiyala uja umaipera dala kuti ithe ndi singano, mbale ipulumuke, popeza mutuwo umatsamira ndi kulemera kopitirira magalamu 100. N'chifukwa chake zinkagulitsidwa m'timatini ta singano 200. Yogwiritsidwa kale imakhala ndi msonga ngati tchizulo. Sindiwaimba mlandu agogo. Ku Luchenza kasitolo ka singano za galamafoni kanali kutali. Komanso ine wowerengawerenga ndinachita choipa kuposa iwo. Pofuna kuyesa injini osaononga mbale zakale, ndinaikapo kambale ka m'ma 1970, kozungulira maulendo 45 pa mphindi, kamene ndinabwereka kwa mnzanga. Pulasitiki yake ndi yofewa, mizere yake ndi yaing'ono. Singano inangodutsa ikusenda timaulusi takuda, ndipo mpaka lero mnzangayo sindinamuuze bwinobwino.

Nditawerengera zonse, mmisiri, madala a makina, katundu wa ku Joni ndi mabasi anga a Loweruka lililonse, ndalama zimene ndinawononga zikhoza kupitirira zimene kabatiyo ingagulidwe, chitseko chachigambacho chitatsitsanso mtengo. Msuweni nditamuuza anangoti, "Ndiye phindu lake n'chiyani?" Sindinamuyankhe mwanzeru. Ndinangoti sitigulitsa, ndipo popeza kabatiyo ndi ya mayi ake, nkhani inathera kwa iwo.

Tinaibweza pangolo yomweyo, itafunditsidwa bulangete, malata atsopano ali padenga. Pansi pa miyendo tinaikapo timatabwa kuti madzi okolopera asaifikenso. Madzulo ake ndinapukusa mpaka chogwirira chinayamba kulimba, n'kusiya pomwepo, poti kupitiriza ndi kudula sipuling'i. Singano yatsopano, buleki kuchotsa, mutu kutsitsa. Kunamveka kaye mkokomo ngati mvula yakutali pamalata, kenako magitala awiri ndi mawu a amuna oimba Chizulu anatuluka pazitseko zapamwamba, amphamvu kuposa mmene ndinkayembekezera, moti ana a nyumba yoyandikana anadzaza pakhomo akufunafuna pomwe pali batire.

Azakhali anamvetsera ataima, dzanja lili patsaya. Nyimbo ili pakati anapita n'kukankha chitseko chimodzi chapamwamba ndi chala, mawu n'kutsika. "Bambo ankatseka chimodzi," anatero, "amati zonse ziwiri n'zodzutsa mudzi." Itatha anandifunsa kuti nanga mbale zawo za alendo aziika kuti tsopano. Tinagwirizana kuti shelefu yapamwamba ndi ya mbale zoimba zisanu ndi ziwiri zija, ziwiri zam'munsi n'zawo. Kansalu koluka kanabwerera pamwamba, koma maluwa ndinawakaniza, poti akachulukitsa zochotsa chivundikirocho sichidzatsegulidwanso. M'katini mwatsala singano 163, ndipo kiyi wa kabati ali pachingwe cha m'khosi mwa azakhali.